Modemu ikasiya kulandira: mafunso a eni madishi a ku Murambi

Murambi ili m'tsinde mwa phiri la Cecil Kop, chakumpoto kwa mzinda wa Mutare, dera la mabwalo akuluakulu ndi mitengo yakalekale. Mukakweza maso kumadenga muona madishi amitundu itatu: a wailesi yakanema, a VSAT omwe maofesi, masukulu ndi nyumba zogona alendo akhala akudalira pa intaneti, ndi timatabwa toyera ta Starlink tomwe tayamba kuchuluka chiloledwere kampaniyi m'Zimbabwe mu 2024. Intaneti ikadula, amene amauzidwa kuti "tatengani makwerero" nthawi zambiri ndi ife tomwe, adzukulu a anthu aja anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'migodi ya ku Penhalonga, panjanji ndi m'minda ya tiyi ya ku Honde Valley. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe ndimamva kawirikawiri. Mayankho ake angathandizenso wa ku Zomba, ku Chipata kapena ku Tete, kupatula manambala a komwe dishi iyenera kupenya.

Akati modemu sikulandira, ndiye kuti chachitika n'chiyani?

Modemu ya VSAT ili ndi ntchito ziwiri, kumva ndi kuyankha. Setilaiti yomwe dishi yanu yapenya ili pamtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa ikweta, ndipo imazungulira limodzi ndi dziko, n'chifukwa chake imaoneka ngati yaima malo amodzi. Siginolo yochokera kumeneko imafika pansi pano itafookeratu. Dishi imaisonkhanitsa n'kuiponyera pa kamutu kali kutsogolo kwake, kotchedwa LNB. Kamutuko kamaikuza n'kuitsitsa kuchoka pa 10.7 mpaka 12.75 GHz kufika pakati pa 950 ndi 2,150 MHz, kuti ithe kuyenda m'chingwe mpaka m'nyumba. Modemu ikaizindikira n'kuigwira, amisiri amati yaloka, ndipo nyali yolembedwa Rx kapena Receive imayaka mokhazikika. Ikamaphethira kapena kuzimiratu, ndiye kuti modemu ikufufuza koma sikupeza. Mitundu ya nyalizi imasiyana pakati pa iDirect, Hughes ndi Newtec, choncho onani kabuku ka modemu yanu. Malo omwe vuto lingabisale ndi asanu okha: kuthambo, padishi, pa LNB, m'chingwe ndi m'modemu momwe. Pa asanuwo, modemu ndiyo imanamiziridwa kwambiri, koma ndiyo imalakwa kamodzikamodzi.

Nyali ya Tx nayonso yazima. Kodi zida zonse zapsa?

Ayi, musathamangire kulira maliro. Modemu ya VSAT anaipanga dala kuti isatumize kanthu isanayambe yalandira. Iyenera kumva kaye siteshoni yaikulu ya kampani yanu, yomwe imaiuza nthawi ndi malo oyankhulira. Ikanakhala yongoyankhula mwachisawawa, dishi yopotoka ikanamasokoneza masetilaiti a eni. Choncho Rx ikazima, Tx ndi Net zimatsatira. Konzani kulandira, zinazo zidzuka zokha. Koma Rx ikamayaka bwinobwino Tx yokha n'kumakana, vutolo ndi lina: BUC (chida cha padishi chotumizira siginolo), chingwe chake, kapena akaunti yomwe yatsekedwa chifukwa cha ngongole.

Ndiyambire pati?

Yambirani pomwe simufunika makwerero kapena sipanala. Choyamba tsimikizani kuti vuto si rauta: lumikizani kompyuta kumodemu ndi chingwe, chifukwa Wi-Fi ikafa anthu ambiri amati setilaiti yathawa. Kenako suzumirani panja muone thambo. Zimitsani modemu pakhoma, dikirani mphindi imodzi, yatsani, ndipo muipatse mphindi zisanu kapena khumi kuti ifufuze. Kuzimitsa kamodzi n'kokwanira. Kubwereza kakhumi sikuchiritsa chingwe chonyowa. Ikakanabe, tsegulani tsamba la modemu pakompyuta muwerenge manambala a siginolo. Mukatero zimitsaninso magetsi, yenderani chingwe ndi dzanja kuchokera kumbuyo kwa modemu mpaka padishi, kenako LNB. Mabawuti a dishi ndiwo omaliza kukhudza. Ndaonapo mavuto ambiri aang'ono atasanduka aakulu chifukwa munthu anayamba ndi kugwedeza dishi yomwe inali bwinobwino. Batani la reset la kumbuyo lija lisiyeni: pa modemu zina limafufuta zonse zomwe kampani inaikamo, ndiye mumakhala ndi mavuto awiri.

Mphamvu ya siginolo ikuonetsa 80, koma palibe chikuyenda. Zatheka bwanji?

Manambala ndi awiri, ndipo anthu amakonda kuyang'ana lolakwika. Lina limayeza mphamvu, lina ubwino. Tayerekezani muli pamsika wa Sakubva Loweruka m'mawa, mlamu wanu akukuitanani ali tsidya lina la msewu. Phokoso lilipo lambiri, makutu adzaza, koma mawu a mlamuwo simukuwamva. Nambala ya mphamvu imawerenga phokoso lonselo, ngakhale lomwe LNB imapanga yokha. Mutha kulozetsa dishi kukhoma mphamvu n'kumaonetsabe. Chomwe ikukuuzani n'chakuti LNB ili moyo ndipo chingwe sichinaduke. Nambala yofunika ndi ya ubwino, yomwe pa dikoda imalembedwa Quality, pa modemu SNR kapena Es/No, ndipo amaiyeza mu dB. Imanena kuti mawu a mlamu aposa phokoso ndi zingati. Pa DVB-S2, kaulutsidwe kotchedwa QPSK 1/2 kamafuna pafupifupi 1 dB, QPSK 3/4 pafupifupi 4 dB, pomwe 8PSK 3/4 kamafuna pafupifupi 8 dB. Mukatsika pansi pa malirewo modemu imataya loko nthawi yomweyo, monga dikoda ya DStv imalembera E48-32. Kumbukiraninso kuti kutaya 3 dB ndi kutaya theka la siginolo. Ndiye chitani ichi lero lomwe, zinthu zikadali bwino: lembani nambala ya ubwino ya tsiku lopanda mitambo papepala, mulimate pamodemupo. Popanda nambala imeneyo, tsiku la vuto simudzadziwa ngati 7 dB ndi yabwino kapena ndi chizindikiro cha matenda.

Kodi mvula iliyonse imadula siginolo?

Si iliyonse. Kamvula kowaza ndi nkhungu komwe kuno amati guti, kofanana ndi chiperoni cha ku Thyolo ndi ku Mulanje, kangatenge pang'ono chabe. Ngati intaneti yanu imafa ndi guti, dishi inapotoka kale kapena chingwe chikudwala, gutiyo wangoulula. Yodula zenizeni ndi mvula yamabingu ya pakati pa Novembala ndi Malichi, ya madontho akuluakulu. Zimadaliranso mafunde omwe dishi yanu imagwiritsa ntchito: C-band, ya pakati pa 3.4 ndi 4.2 GHz, siilabadira kwenikweni. Ku-band imagwa nayo. Ka-band, yomwe imalandira cha m'ma 20 GHz, ndiyo imavutika koposa. Makina amakono amayamba achepetsa liwiro kuti asataye loko, motero intaneti imayenda ngati kamba kwa kanthawi isanadule. Mtambo woipawo sufunika kukhala pamutu panu, ungokhala panjira yomwe dishi yapenya. Ndiponso nthawi zina kuno kuli ngwee, koma mvula ikugwa komwe kuli siteshoni yaikulu ya kampani, yomwe ingakhale ku South Africa kapena ku Ulaya. Kale mayiko athu ankadalira siteshoni imodzi yaikulu: Mazowe kuno kuyambira 1985, Mwembeshi ku Zambia kuyambira 1974, Kanjedza ku Limbe. Lero siginolo yanu ingadutse dziko lomwe simunapondeko. Chizindikiro chosanama ndi ichi: vuto la mvula limabwera ndi mvula n'kupita nayo. Likatsalira mvula itakata, madzi alowa penapake.

Chingwe chikuoneka chabwinobwino. Chingakhale ndi vuto lanji?

Apa ndipo pagona nkhani. Chaka china mu Januwale ndinaitanidwa panyumba ina yogona alendo kuno ku Murambi. Mwini wake anali atauzidwa kale kuti modemu yapsa, agule ina. Intaneti inkafa usiku ndi m'mawa, n'kudzuka yokha dzuwa likatentha. Ndikuyang'anayang'ana, bambo wina wachikulire wosamalira maluwa, yemwe makolo ake anachokera ku Dedza, anaima pansi pa makwerero n'kunena kuti, "Mwana wanga, apusi a m'phirimu amadendekera pachingwecho m'mawa uliwonse." Ndinati, "Zikomo, agogo, tandigwirirani makwererowa." Nditamasula kachitsulo kolumikizira chingwe ku LNB, dontho la madzi linagwera pachala. Waya wapakati, woyenera kunyezimira ngati kopa watsopano, anali wakuda, ndipo timawaya ta m'mbali tinali titasanduka tobiriwira ngati ndere. Apusi anali atakoka chingwe, tepi n'kung'ambika, madzi n'kumalowa. Ndinadula chingwe mpaka pomwe kopa anayambanso kuwala, pafupifupi mkono wathunthu, n'kuika kachitsulo katsopano. Modemu yomwe inkati yapsa ija inaloka tisanatsike n'komwe.

Madzi akalowa amayenda m'kati mwa chingwe ngati mafuta a nyale m'chingwe cha koloboyi, ndiye kunja simuona kanthu. Kachitsulo ka panja kakulungeni ndi tepi ya labala yomatirira yokha, osati tepi wamba wa magetsi yemwe amamatuka ndi dzuwa, ndipo chingwe chiyambe chatsika pang'ono chisanalowe m'khoma kuti madzi azidonthera pansi. Yang'ananinso pomwe makoswe atafuna kudenga, pomwe chapindidwa mwamphamvu pakona, ndi pomwe msomali wachiphwanya. Chingwe cha RG6 pa VSAT chisapitirire kwambiri mamita 30. Kupyola apo ndi RG11. Pogula tengani kamaginito: kakamata pa waya wapakati, ndiye kuti ndi chitsulo chongokutidwa kopa, ndipo chimataya magetsi opita kudishi. Chinanso, pa VSAT ya zingwe ziwiri lembani Rx ndi Tx mbali zonse musanamasule. Cha Tx chimanyamula magetsi a BUC, mavoliti 24 kapena kuposa, ndipo mukasinthanitsa mutha kuwotcha LNB.

Ndingadziwe bwanji kuti LNB yafa?

LNB ilibe pulagi yakeyake. Imadya magetsi ochokera kumodemu kudzera m'chingwe chomwecho. Zambiri zimalandira mavoliti 13 kapena 18. Zimitsani modemu, masulani chingwe ku LNB, yatsani, ndipo muyeze ndi mita pakati pa waya wapakati ndi chitsulo cha kunja, mosamala kuti ziwirizo zisakhudzane. Magetsi akapezeka kumbuyo kwa modemu koma osafika kudishi, mlandu ndi wa chingwe. Akasowa mbali zonse, mwina anazimitsidwa m'masetingi, mwina kawaya kamodzi kopyapyala ngati tsitsi kakhudza waya wapakati ndipo modemu yadziteteza. Magetsi akafika bwino koma nambala ya mphamvu ili pansi penipeni, LNB ndiyo yoikayikira, ndipo umboni weniweni ndi kuyesa ina yofanana nayo. Musanaitaye yang'anani kachivindikiro ka pulasitiki kakutsogolo. Dzuwa limakaphwanya pakapita zaka, ndipo m'katimo ndapezamo madzi, ukonde wa kangaude, ngakhale nyumba yadothi ya mavu.

Kodi si phiri la Cecil Kop likutchinga?

Phirili limanamiziridwa kwambiri, mwina poti masetilaiti oima malo amodzi onse ali chakumpoto kwathu, komwe kulinso phiri. Koma tawerengani. Mutare ili pafupifupi madigiri 19 kumwera kwa ikweta. Setilaiti za Eutelsat za pa 36°E zimaoneka madigiri pafupifupi 67 kuchokera pansi, chakumpoto kupendekera pang'ono kum'mawa. Intelsat 20, ya pa 68.5°E, ili madigiri pafupifupi 44, kum'mawa chakumpoto. Phiri likanati litchinge pamenepo likanayenera kuima pakhomo panu ngati khoma. Chomwe chimasokoneza anthu ndi kapangidwe ka dishi: madishi ambiri okhala ndi LNB pamkono wa m'munsi amapenya madigiri 20 mpaka 25 pamwamba pa pomwe nkhope yawo ikuoneka kuti yaloza. Mdani weniweni ku Murambi ndi mtengo. Pa madigiri 44, mtengo uyenera kutalikira ndi mtunda wofanana ndi msinkhu womwe wapitirira dishi. Pa 67, theka la msinkhuwo n'lokwanira. Ndipo mitengo imakula. Mpeyala womwe unali wofika m'chiuno pomwe ankamanga dishi, lero wapitirira denga. Misasa ikayoyola masamba siginolo imakwera, ikaphukira masamba ofiira aja cha mu Ogasiti ndi Seputembala imayamba kutsika, masambawo akanyowa ndiye basi. Vuto lobwera pang'onopang'ono pa miyezi kapena zaka, kayang'aneni nthambi.

Dishi ikapotoka, ndingaiwongole ndekha?

Ya wailesi yakanema, inde, ngati muli wodekha. Ya VSAT, samalani. Dishi ya mamita 1.2 pa Ku-band imaona kampata ka digiri imodzi ndi theka basi. Kusuntha kwa theka la digiri ndi pafupifupi theka la sentimita m'mphepete mwa dishi, ndipo n'kokwanira kukudyerani gawo lalikulu la siginolo. Mphepo yamkuntho, nyani wolumphirapo, mtanda wa denga wofumbwa ndi chiswe, kapena mmisiri wopenta yemwe anatsamirapo, zonsezi zimapotoza. Pali kayesedwe kosafuna sipanala. Mnzanu akhale pakompyuta akuwerenga nambala ya ubwino, inu muime kumbuyo kwa dishi, mukanikize m'mphepete ndi chala pang'onopang'ono, kumanzere, kumanja, m'mwamba, m'munsi. Nambala ikatsika mbali zonse zinayi, dishi ili pamalo pake, isiyeni. Ikakwera mbali imodzi, yapotokera kwinako. Musanamasule bawuti iliyonse lembani chizindikiro ndi pensulo pamtengo wa dishi kuti mudziwe pobwerera, ndipo musunthe pang'ono n'kudikira masekondi angapo, poti modemu imachedwa kuyankha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kampasi musaikhulupirire kwambiri: kuno imaloza madigiri angapo kumadzulo kwa kumpoto kwenikweni, ndipo malata amaipusitsa. Masetilaiti amatalikirana madigiri 2 kapena 3 okha, choncho n'kosavuta kugwira ya eni, mphamvu n'kukwera koma osaloka. LNB nayo ili ndi kapendekedwe kake m'chogwirira chake. Mukaizungulitsa molakwa, siginolo ya mbali ina imalowerera. Pa VSAT, chingwe cha Tx chikhale chochotsedwa pogwira ntchitoyi, musaime kutsogolo kwa dishi yomwe ikutumiza, ndipo mukamaliza imbirani kampani kuti iyeze kuchokera kwawo musanayambenso kutumiza.

Imadula nthawi yofanana tsiku lililonse kwa mphindi zochepa, kunja kuli dzuwa. N'chiyani chimenechi?

Yang'anani kalendala. Kawiri pachaka dzuwa limadutsa kumbuyo kwenikweni kwa setilaiti, ndipo phokoso lake limakwirira siginolo. Kuno ku Mutare zimachitika chakumapeto kwa Malichi ndi chapakati pa Seputembala, kwa masiku angapo otsatizana, mphindi zochepa patsiku. Dishi yopenya 68.5°E imakumana nazo cha m'ma 9 koloko m'mawa, ya 36°E dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo.  Palibe chokonza, imwani tiyi. Koma zikamachitika mwezi wina, makamaka masana otentha a mu Okutobala, gwirani modemu. Ikakhala yotentha ngati mbaula chifukwa inatsekeredwa m'kabati kapena yakutidwa ndi kansalu kokongoletsa, ipatseni mpweya. LNB yokalamba nayonso imasochera ikatenthedwa. Kudula kwa usiku ndi m'bandakucha, monga panyumba ya apusi ija, kumaloza ku mame ndi chinyezi.

Kodi kuzimazima kwa magetsi kungachititse kuti isalandire?

Kwambiri. Madzi atachepa ku Kariba mu 2019 ndiponso chakumapeto kwa 2022, magetsi ankazima mpaka maola 18 patsiku, ndipo nyumba zambiri zinagula mainveta, mabatire ndi majenereta. Modemu imafuna magetsi osadumphadumpha. Inveta yotchipa kapena jenereta yosakhazikika imafooketsa adaputa ya modemu mwakachetechete. Chizindikiro chake n'chodziwika: modemu imaloka, Rx n'kuyaka, koma ikangoti iyambe kutumiza imazima n'kuyambiranso, kubwerezabwereza. Pamenepo adaputa yalephera kudyetsa BUC. Yesani ina ya mavoliti ndi mphamvu zofanana ndendende, osati ya laputopu yomwe yangokwanira pabowo.

Mphezi ndiye musaseweretse. Ku Manicaland kuno, pa 23 Disembala 1975, mphezi imodzi inapha anthu 21 m'nyumba imodzi, ndipo bungwe la zanyengo padziko lonse la WMO limati palibe ina yodziwika yomwe inapha anthu ochuluka chotere powamenya mwachindunji. Siifunika kugwa padishi penipeni kuti iwononge. Ikagwa pafupi, mphamvu yake imalowa m'chingwe n'kuwotcha LNB kapena khomo la Rx la modemu. Dishi ndi chingwe zilumikizidwe ndi waya wonenepa kundodo ya kopa yokhomedwa pansi. Mabingu akayandikira zulani pulagi, ndipo padenga musakwere ngakhale abwana akalipe bwanji.

Zonse zili bwino, dishi sinasunthe, koma sikulokabe. Chatsala n'chiyani?

Chatsala ndi manambala a m'kati mwa modemu. Iyenera kudziwa frequency ya siginolo, liwiro lake lomwe amati symbol rate, mbali yake, ndi LO ya LNB yanu, nambala yomwe imachotsedwa pa frequency ya siginoloyo. Masamu ake ndi ochotsera basi. LNB wamba ya Ku ili ndi LO ziwiri, 9,750 ndi 10,600 MHz, ndipo imasankha yapamwambayo ikamva kaphokoso ka 22 kHz kochokera kumodemu. Siginolo ya 11,500 MHz ikadutsa pa LO ya 9,750 imafika m'chingwe ili pa 1,750 MHz. Tsono mmisiri akasintha LNB n'kuika ya LO ya 10,000, siginolo ija imafika pa 1,500, pomwe modemu ikuidikirira pa 1,750. Zida zonse zili moyo, koma zaphonyana ngati anthu opangana kukumana pasiteshoni wina n'kupita ya basi, wina ya sitima. Makampani nawonso amasamutsa makasitomala kupita pa frequency ina kapena setilaiti ina, n'kutumiza masetingi atsopano kudzera mumlengalenga. Modemu yomwe inali yozima nthawi imeneyo, mwina munali kumudzi mwezi wathunthu, imadzuka n'kumafufuza pomwe anzake anachokapo. Mankhwala ake ndi fayilo yatsopano yochokera kukampani. Pa C-band palinso vuto la nsanja za mafoni ndi intaneti zoulutsa cha m'ma 3.5 GHz, zomwe zimagonthetsa LNB. Chizindikiro ndi mphamvu yokwera kwambiri ubwino uli pansi, ndipo pamafunika sefa yapadera kutsogolo kwa LNB. Zikapitirira, nkhani za kusokonezana kwa mafunde zimapita ku POTRAZ, monga ku Malawi zimapitira ku MACRA.

Nanga ndikaika chokuzira siginolo, dishi yaikulu, kapena LNB ya wailesi yakanema?

Kachitsulo kokuzira siginolo ka pachingwe kamakuza mawu ndi phokoso limodzi. Kamathandiza pokhapokha chingwe chikatalika kwambiri. Dishi yopotoka sikangaiwongole. Dishi yaikulu imathandizadi: kuchoka pa masentimita 90 kupita pa 120 mumapindula pafupifupi 2.5 dB, zomwe zimaoneka nthawi ya mvula. Koma imafuna kulozetsa mosamala kwambiri ndi mtengo wolimba, ndipo pa VSAT simungasinthe kampani isanavomere. LNB ya wailesi yakanema ingakuthandizeni kuyesa ngati chingwe chili moyo, koma si yokhalitsa nayo. Zotchipa zimasochera ndi 1 MHz kapena kuposa, zomwe dikoda imapirira koma siginolo yopyapyala ya VSAT siingapirire. Imeneyo imafuna LNB ya mtundu wa PLL, ndipo zina zimafunanso 10 MHz yochokera kumodemu kuti zigwire ntchito.

Yanga ndi Starlink. Kodi zonsezi zikundikhudza?

Theka lake. Starlink inafika ku Mozambique mu Juni 2023, ku Malawi mu Julayi, ku Zambia mu Okutobala chaka chomwecho, ndipo kuno inayamba mu Seputembala 2024. Masetilaiti ake ndi masauzande, ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 550, ndipo iliyonse imadutsa thambo lanu m'mphindi zochepa. Ilibe LNB yapadera yoti musinthe kapena LO yoti muwerengere. Modemu ili m'kathabwa momwemo. Dishi ya VSAT imafuna kabowo kamodzi pakati pa nthambi, koma iyi imafuna thambo lotseguka madigiri 100 kapena kuposa, ndipo kuno kumwera kwa ikweta kawirikawiri imapendekera chakumwera. Ndiye pabwalo la mitengo ngati a ku Murambi, malo omwe dishi yakale inkagwira bwino angakhale oipa kwa Starlink. Kudukaduka kwa masekondi ochepa, kobwerezabwereza, komwe kumadula foni ya WhatsApp koma vidiyo n'kumaonetsabe, ndi nthambi. Pulogalamu ya pafoni imajambula malo otchingidwa ndi mtundu wofiira ikagwira ntchito maola angapo; ikhulupirireni, kwezani kathabwako pamtengo wautali kapena sadzani nthambiyo. Ikanena kuti dishi sinalumikizidwe, yambani ndi chingwe, chomwe chimanyamula magetsi ndi intaneti pamodzi: kankhani pulagi mpaka ilowe yonse, onani timano take ngati tapindika kapena tachita dzimbiri. Starlink yaikulu imadya mawati 75 mpaka 100, Mini 25 mpaka 40, choncho batire lofooka limaizimitsa pakati pa usiku. Kuchedwa kwa madzulo okhaokha si vuto la kulandira, ndi kuchuluka kwa anthu. Ku Harare malo anadzaza patangopita nthawi yochepa chiyambireni, mpaka analeka kaye kulandira makasitomala atsopano a m'nyumba.

Ndiyitane liti mmisiri, ndipo ndimuuze chiyani?

Muyitaneni mukaona kuti pafunika kumasula mabawuti a VSAT, kusintha masetingi, kapena kukwera denga lotsetsereka lomwe simunazolowere. Koma yambani mwaimbira kampani yomwe mumalipira, chifukwa iwo amaona kuchokera kwawo ngati vuto ndi lanu nokha kapena la dera lonse, ndiponso nthawi yomwe modemu yanu inasiya kumveka. Musangoti "intaneti yafa". Nenani nambala ya modemu, nyali zomwe zikuyaka ndi mitundu yake, nambala ya ubwino ya lero ndi ya papepala lija, tsiku ndi ola lomwe vuto linayamba, ndi zomwe zinachitika chapafupi: mvula, mphezi, kuzima kwa magetsi, wopenta denga, wodula mitengo. Mmisiri akafika muone ngati wanyamula mita yoyezera siginolo, LNB ndi kachingwe koyesera. Ndipo akakuuzani kuti modemu yapsa, musatulutse ndalama msanga. Muuzeni kuti, "Achimwene, talumikizani yanu yoyesera pachingwe changa chomwechi, ndione ikuloka."